Zikumbu Zokwiririka m'Utomoni Wakale

Tonse pano pa Nkhudzi tidziwa nankafumbwe amene aononga cimanga m'nkhokwe, ndiponso ziphaniphani zimene ziwala usiku m'mbali mwa nyanja. Zonsezi ndi zikumbu, ndipo akatswiri aziika m'gulu limodzi lochedwa Coleoptera. Cizindikiro cace ndi ici: mapiko akutsogolo ndi okhuthala, ndipo aphimba mapiko opyapyala ouluka nao. Mitundu yace yodziwika iposa 350,000.

Nanga zikumbu zakalekale tizidziwa bwanji? Mtengo ukatemedwa ucita utomoni. Kacirombo kakatera pamenepo kakanirira, ndipo utomoni wina ukakwirira. Utomoniwo ukakhala m'nthaka zaka mamiliyoni ambiri, uuma nusanduka ngati mwala woonekera m'kati, umene pa Cingerezi auchula amber. Kacirombo kaja kaoneka bwino lomwe, miyendo ndi tinyanga tace tonse.

Ku gombe la Tanzania ndi Mozambique kuli utomoni wochedwa copal, umene m'zaka za m'ma 1800 anali kuugulitsa ku Zanzibar kuti apangire vanishi. Nawonso uli ndi tizirombo, koma sunakalambe. Wakale ndithu aukumba ku cigwa ca Hukawng m'dziko la Myanmar, ndipo uli ndi zaka pafupifupi 99 miliyoni.

Katswiri akapeza cikumbu cotere, apala mwalawo nauyang'ana pa maikulosikopu. Awerenga mfundo za tinyanga ndi za miyendo, apenya mapiko ndi mimba, nafanizira ndi zikumbu za lero. Pamenepo ndipo aciika m'banja lace, nacipatsa maina awiri a Cilatini, monga anayambira Carl Linnaeus pa nyama m'caka ca 1758. Nchitoyi ifuna kufatsa, pakuti akaphonya banja, mbiri ya banjalo isokonekera.

Taonani citsanzo. M'caka ca 2021 akatswiri analongosola cikumbu cacimuna ca m'utomoni wa ku Myanmar, nacicha Cretophengodes azari. Pamimba pace anapezapo ciwalo cotulutsa kuwala. Popeza sicinayenerane ndi banja liri lonse lodziwika, anacitsegulira banja lacilendo, Cretophengodidae, limene liri pa cibale ndi ziphaniphani zathu. Motero tidziwa kuti zikumbu zowala zinalipo kale m'nyengo ya madainoso, zinyama zazikulu zija zonga Malawisaurus amene mafupa ace anapezeka ku Karonga.