Masiku 9 ku Likoma: Mmene Tidagawira Malo Ogona

Munthu wobadwira kumtunda kuno, amene madzi ochuluka adawaonapo ndi a mtsinje wa Lilongwe ukadzaza mu Febuluwale kapena a m'damu la Kamuzu ku Malingunde, akamva mawu akuti chilumba amaganiza za kamtunda kochepa koti nkukazungulira nsima isanapse. Maganizo amenewa ndidali nawo inenso, ngakhale kuti ndakhala zaka zambiri ndikujambula mapu a dziko lino pabolodi kuno ku Likuni ndi kuuza ana kuti Likoma ndi masikweya kilomita 18, Chizumulu 3. Nambala ili pabolodi siuza munthu za kutopa kwa miyendo.

Ulendo wathu udayamba ndi lonjezo la munthu amene adatisiya kale. Apongozi anga aamuna, a ku Mitundu, pa unyamata wawo adagwirako ntchito ku Salisbury, kumene lero timati Harare, ndipo adagona nyumba imodzi ndi mkulu wina wa ku Likoma amene sankatopa kusimba za tchalitchi chachikulu cha kwawo. Atabwerera kumudzi adalonjeza akazi awo kuti tsiku lina adzapita limodzi kukachiona. Fodya adalimidwa, ana adaphunzira, maliro adachitika, koma ulendowo sudatheke. Tsono chaka chimene mwana wathu woyamba adalemba mayeso a Fomu 4, mkazi wanga adandiyankhula madzulo ena kuti, "Bambo, mayi akukalamba. Tikapanda kuwaperekeza chaka chino, maondo awo sadzalolanso kukwera bwato."

Tidali anthu 7: ine ndi mkazi wanga, apongozi aakazi, mnyamata wathuyo, alongo ake awiri, ndi alamu anga a ku Nathenje, amene ndiwo eni mbumba ndipo adasonkhako ndalama za soya ndi mtedza. Wowerenga amene adakulira m'mudzi wa Chichewa waona kale pamene pagona vuto. Mzungu akayenda ndi banja lake amafunsa chipinda chimodzi chachikulu, basi. Ife sitingatero. Mnyamata woti adalowa kale m'mphala sagona chipinda chimodzi ndi makolo ake kapena alongo ake. Mkamwini sayandikana khoma ndi apongozi ake, ndipo kuvula malaya nkumasambira iwo akuona ndi chinthu choti sichitchulidwa nkomwe. Choncho kulikonse kumene tikadagona tidayenera kulipira zipinda zitatu, ndipo zipindazo zisakhale zogundana zonse.

Mkangano weniweni udali pa malo. Apongozi ankafuna kufupi ndi tchalitchi. Ana, amene adaonapo zithunzi pa intaneti, ankafuna mchenga woyera ndi madzi oonekera pansi. Alamu anga ankafuna kumene kuli kotsika mtengo. Ine ndinkafunanso kukaponda pa Chizumulu, chifukwa ndidachita manyazi kuphunzitsa za chilumba chimene sindidachione. Zofuna zinayizi sizipezeka pamalo amodzi, pakuti Likoma ali ndi nkhope ziwiri. Chakum'mawa, moyang'anana ndi mapiri a Mozambique ndi kadoko ka Cobué, kuli Mbamba ndi Chipyela, kumene kuli msika, maofesi a boma, chipatala cha St Peter ndi tchalitchicho. Nyumba zogona alendo wamba zili kumeneko. Chakumadzulo ndi kummwera kuli magombe abata, ndipo ndiko kuli malo otchuka monga Kaya Mawa, kumene mtengo wa usiku umodzi wa munthu mmodzi umatchulidwa m'madola ndipo umaposa malipiro a mwezi a mphunzitsi wa pulayimale. Malo amenewo tidangowayang'ana chapatali. Koma mbali yomweyo kuli ena apakati, a timanyumba tofolera ndi udzu, oti banja likadzimana miyezi ingapo likhoza kugonako masiku awiri kapena atatu.

Amene adatigamulira masiku sadali mmodzi wa ife, koma sitima. Ilala idapangidwa ku Scotland mu 1949, idabwera zidutswazidutswa kudzera ku Beira, ndipo idayamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951. Pa nthawi ya ulendo wathu inkanyamuka ku Monkey Bay Lachisanu, nkufika ku Likoma Loweruka, kenaka Chizumulu, Nkhata Bay mpaka Chilumba. Pobwerera inkachoka ku Nkhata Bay Lolemba madzulo, kuima pa Chizumulu usiku, ndi kufika ku Likoma Lachiwiri m'mawa. Ndiye kuti wochokera kumwera adali ndi zosankha ziwiri zokha: kukhala masiku atatu, kapena kudikira sabata ina yonse. Amene akukonza ulendo wotere afunse ndondomeko ya sitima asanalonjeze tsiku kwa mwini nyumba ya alendo aliyense, poti safunsa adadya phula. Ife tidasankha masiku ambiriwo, titaona kuti mtunda wonsewo, kuchoka ku Lilongwe kudzera ku Salima mpaka ku Nkhotakota kumene tidakwerera, sungalipidwe ndi masiku atatu.

Pali china chimene aphunzitsi anzanga ayenera kuchidziwa. Tchuthi chathu chachitali chimagwa mu Ogasiti, ndipo imeneyo ndi nyengo ya mwera, mphepo yochokera kummwera chakum'mawa imene imautsa mafunde aakulu. Usiku umene tidawoloka, alamu anga, munthu wosaopa ng'ombe yolusa, adakumbatira chitsulo cha sitima mpaka mbandakucha osayankhula ndi munthu.

Tidafika Loweruka dzuwa litakwera. Sitima idaima patali ndi gombe, ndipo tidatsikira m'mabwato ang'onoang'ono pamodzi ndi matumba a chimanga, malata ndi mitolo ya nzimbe. Apa ndi pamene ndidachita cholakwa changa, ndipo sindingachikankhire kwa wina. Pofuna kukondweretsa onse tsiku limodzi, ndidagawa anthu m'malo mogawa masiku. Ndidati akuluakulu tigone ku Mbamba, ana apite kugombe la kumadzulo ndi amalume awo, ndipo m'mawa mwake tikumane pakhomo pa tchalitchi. Pamapu malo awiriwa ndi oyandikana ngati Likuni ndi Chinsapo. Pansi ndi njira ya miyala, yokwera ndi kutsika, yodutsa pakati pa milambe ndi minda ya chinangwa, ndipo mlendo woyenda ndi mwana wa zaka 8 simutengera kanthawi kochepa. Magalimoto pachilumbapo ndi owerengeka.

Lamulungu m'mawa belu lidalira, anthu adalowa, nyimbo zidayamba. Apongozi adavala chitenje chimene adachisunga m'sutikesi zaka zambiri, ndipo adakana kulowa. Adakhala pamwala panja, maso ali kunjira. Mkazi wanga adawapempha kawiri. Kachitatu adayankha motsitsa mawu, osandiyang'ana ine, monga mwa mwambo: "Uwauze bambo a kwanuwo kuti ine khoma ndaliona. Ndimafuna adzukulu anga alowe nane, kuti lonjezo la agogo awo alione likukwaniritsidwa." Ana adatulukira mapemphero atapitirira theka, ali fumbi lokhalokha, atasochera kawiri, wamng'onoyo ali kumsana kwa amalume ake. Palibe amene adandidzudzula, ndipo kukhala chete kumeneko kudandipweteka kuposa mawu.

Madzulo a tsiku lomwelo tidakatenga katundu wa ana, ndalama ya usiku wachiwiri imene tidalipiriratu nkupita padera. Kuyambira pamenepo tidagona mbali imodzi tonse mpaka Lachitatu, ndipo masiku amenewo ndiwo adapindulitsa ana kuposa mmene ankaganizira.

Tchalitchi cha St Peter si chinthu choti nkuchiona mothamanga. Amishoni a UMCA, a mpingo wa Anglican, adakhazikika pachilumbachi m'zaka za m'ma 1880, ndipo malo amene adamangapo amatchedwa Chipyela chifukwa ndi pamene kale ankatentherapo anthu oganiziridwa ufiti. Mwala wa maziko udaikidwa mu 1903, ndipo nyumbayo idapatulidwa mu 1911. Idamangidwa mooneka ngati mtanda, ndi manja a anthu a pachilumba pomwepo, amuna ndi akazi. M'katimo muli mawindo a magalasi amitundumitundu ndi kamtanda kosemedwa kuchokera ku mtengo wa kwa Chitambo, ku Zambia, kumene David Livingstone adamwalirira mu 1873. Dera limenelo dzina lake ndi Ilala, ndipo ndiko kudachokera dzina la sitima imene tidakwera. Mnyamata wanga atamva zimenezi adati bwenzi atazidziwa asanalembe mayeso. Wansembe William Percival Johnson, amene adatha zaka zoposa 40 akuyendayenda m'mbali mwa nyanjayi, adamasulira Baibulo m'Chinyanja cha ku Likoma. Sukulu za mishoni zidaphunzitsa anthu a kuno kuwerenga kale kwambiri, nchifukwa chake aphunzitsi, akalaliki ndi anamwino a ku Likoma adafalikira m'dziko lonse lino ndi kunja komwe, monga mkulu uja adagona nyumba imodzi ndi apongozi anga. Kukhalapo kwa amishoniwo ndi kumenenso kudachititsa kuti pa pangano la Britain ndi Portugal la 1891 zilumba ziwirizi zikhale mbali ya Angerezi, ndipo lero ndi boma la Malawi lozingidwa ndi madzi a Mozambique. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 14,000 m'bomali.

Kugona kufupi ndi msika kudatithandizanso pa chakudya. Nthaka ya ku Likoma ndi yamiyala, chimanga chambiri chimabwera pa sitima, ndipo nkhuni zimawoloka kuchokera ku Mozambique m'mabwato a matanga, kotero zinthu zimakwera mtengo. Mkazi wanga adanyamula ufa woyera wa ku Mitundu, ine nkumuseka pa depoti kuti tikupita kutchuthi osati kumaliro. Adaseka pomaliza ndi iye, chifukwa apongozi adalawa kondowole kamodzi, nayamika mwaulemu, osabwerezanso. Mayi wosunga nyumba imene tidagonamo adatilola kuphika kuseri, ndipo ndiwo zidali usipa ndi utaka wogula m'mawa asodzi akungofika.

Lachitatu tidasamukira kugombe la kumadzulo, tonse pamodzi, titabwereka galimoto yonyamula apongozi ndi katundu. Mbali imeneyo mapiri a chilumba amatchinga mwera, madzi amakhala bata, ndipo dzuwa limalowera m'nyanja. Ana adabwereka magalasi oonera pansi pa madzi naona mbuna, tinsomba tamawangamawanga tokhala m'miyala, timene azungu amatisunga m'nyumba zawo ngati maluwa. Nkhani ya mkamwini ndi apongozi idatha yokha popanda msonkhano. Ine ndinkasambira m'mamawa kuseri kwa matanthwe, iwo asanatuluke. Dzuwa likakwera iwo ankakhala pansi pa mtengo wa mango ndi amayi a m'mudzi woyandikana, amene ankayanika chinangwa, ndipo ngakhale kayankhulidwe ka kumeneko nkosiyana ndi ka ku Mitundu, ankamvana mpaka kuseka. Tsiku lachiwiri mwana wamng'ono uja adabwera akuthamanga kudzandiuza kuti agogo alowetsa mapazi m'nyanja. Sindidapite kukaona.

Masiku atatu kumeneko adadya ndalama zoposa za masiku anayi a ku Mbamba, poti kunalibe kophikira ndipo mbale iliyonse idali yolipira. Ndikuganiza kuti tidachita bwino kuika malo okwera mtengo pakati, osati poyamba. Mwana amene wayamba ndi mchenga woyera sungamubwezere ku chipinda cha kuseri kwa msika popanda kulira.

Za Chizumulu ndidafuna kulakwanso kachiwiri. Ndidapangana ndi mwini bwato lamatabwa kuti atiwolotse Lachisanu, mtunda wa makilomita 10 kapena kuposerapo pang'ono. Mkulu wina wosoka ukonde pagombe, amene adamva zokambirana zathu, adandiitanira pambali. "Aphunzitsi," adatero, "mukufuna kuika mayi okalamba ndi ana m'bwato mwezi uno? Chombo chikubwera mawa lake, ndipo chikachoka pano chimaima pa Chizumulu. Lolemba usiku chidzakupezani komweko." Ndidaima ngati mwana wolephera samu yophweka. Ndondomeko ya sitima idali m'thumba mwanga sabata yonse, koma sindidaone kuti Ilala yomweyo ikhoza kukhala mlatho wa pakati pa zilumba ziwirizi, ndi kuti chilumba chaching'onocho chiyenera kukhala chomalizira. Chauncy Maples, bishopu wa ku Likoma, adamira m'nyanja yomweyi mu 1895 bwato lake litagubuduzika ndi mphepo, ndipo manda ake ali ku Nkhotakota kumene tidakwerera; nkhaniyi ndidaiphunzitsapo kangapo m'kalasi.

Pa Chizumulu tidagona masiku awiri. Ndi kachilumba ka mapiri awiri, milambe ndi minda ya chinangwa yotchingidwa ndi mizere ya miyala, ndipo anthu ambiri amayankhula Chitonga. Malo ogona ndi ochepa, kotero lamulo lathu la zipinda zitatu zotalikirana lidavuta. Alamu anga ndi mnyamata adagona m'tenti. Apa ndidaona kuti apongozi atopa. Kusamuka kulikonse kumadya tsiku lathunthu: kumanga katundu, kudikira, kuzolowera bedi lina ndi chimbudzi china. Kwa wachinyamata zimenezi ndi zosangalatsa, koma kwa munthu wa zaka zoposa 70 malo atatu pa masiku 9 ndiwo malire, ndipo tikadasankha masiku atatu aja sindikadalola kusamuka ngakhale kamodzi.

Lolemba usiku tidakhala pagombe ndi katundu wathu, tikuyang'ana nyali za sitima zikukula kuchokera ku Nkhata Bay. Lachiwiri m'mawa idaimanso pa Likoma kwa maola angapo. Mwa mabwato amene adayandikira, limodzi lidabwera ndi mnyamata wofuula kuti akufuna agogo a ku Mitundu. Adatumidwa ndi mayi uja wa nyumba ya ku Mbamba, ndipo adanyamula kadengu ka usipa wouma. Apongozi adakalandira ndi manja awiri, nakaika pamiyendo pawo pamodzi ndi kamwala kamene adatola pabwalo la tchalitchi, ndipo sadalole munthu kuwanyamulira mpaka tidatsika basi pa Mitundu.