Akazi amene anatsegula njira pa mapiri a Alps

Mapiri a Alps, amene anayala msana wawo m'mayiko monga France, Switzerland, Italy ndi Austria, ndiwo kwawo kwa masewera okwera mapiri. Lalitali kuposa onse ndi Mont Blanc, la mamita oposa 4,800, kutanthauza kuti limaposa Sapitwa wa ku Mulanje ndi mamita pafupifupi 1,800. Pamwamba pake chipale chofewa sichisungunuka chaka chonse, ndipo mpweya ndi wochepa moti munthu amapuma mobanika. Amuna awiri, Jacques Balmat ndi Michel-Gabriel Paccard, anafika pansonga yake mu 1786.

Mkazi woyamba anapondapo mu 1808. Anali Marie Paradis, wantchito wosauka wa ku Chamonix, m'munsi mwa phirilo, amene analefuka m'njira mpaka olondolera njira anachita kumukoka ndi kumunyamula. Zimenezi zinapatsa onyoza pokambira. Koma mu 1838 Henriette d'Angeville, mayi wa zaka 44, anakwera ndi miyendo yake mpaka pansonga. Kumeneko amuna amene anamuperekeza anamukweza m'mwamba ndi manja awo, kuti akhale pamwamba kuposa phiri lenilenilo.

Mpikisano weniweni unali pa Matterhorn, phiri losongoka la mamita 4,478, pomwe anthu anayi anagwa n'kufa potsika tsiku limene linakweredwa koyamba mu 1865. Lucy Walker wa ku Liverpool atamva kuti Meta Brevoort wa ku America akukonzekera kulikwera, sanachedwe. Mu July 1871 anafika pansonga pamodzi ndi Melchior Anderegg, yemwe ankamulondolera njira kwa zaka zambiri. Anakwera atavala chovala chachitali cha akazi a nthawi imeneyo.

Nkhani ya chovala si yaing'ono ayi. Siketi yaitali ikanyowa ndi chipale imauma gwa chifukwa cha kuzizira, imalemera, imakola m'miyala, ndiponso imabisa pomwe phazi likuponda. Pamalo otsetsereka kuphonya kamodzi ndi imfa. Elizabeth Le Blond wa ku Ireland ankavala buluku m'kati, n'kuvula siketi akachoka pamaso pa anthu, ndi kuivalanso poyandikira mudzi. Annie Smith Peck wa ku America atakwera Matterhorn mu 1895 atavala buluku poyera, ambiri anakamba za bulukuyo kuposa za phirilo. Amene akukumbukira kuti ku Malawi lamulo linkaletsa akazi kuvala buluku mpaka 1993 sangadabwe nazo.

Chopinga china chinali mabungwe. Alpine Club, yomwe inayamba ku London mu 1857, sinkalandira akazi, choncho iwo anayambitsa yawo, Ladies' Alpine Club, mu 1907, ndipo Le Blond ndiye anali mtsogoleri woyamba. Bungwe la amunalo linatsegula chitseko mu 1974, ndipo la ku Switzerland linadikira mpaka 1980.

Komabe panatsala chitonzo chimene chinkapweteka kuposa zonse: chakuti mkazi amangotsata chingwe, ntchito yagwiridwa ndi mwamuna amene ali kutsogolo. Pokwera phiri anthu amamangirirana chingwe chimodzi. Wotsogola ndiye amasankha njira, amasema popondera m'madzi oundana, ndipo akaterereka palibe womugwira kuchokera pamwamba. Miriam O'Brien wa ku America anaona kuti bola pali mwamuna pachingwepo, ulemu udzapita kwa iye. Mu 1929 iye ndi Alice Damesme wa ku France anakwera Grépon, thanthwe lovuta la pafupi ndi Chamonix, popanda mwamuna aliyense, ndipo mu 1932 anachita chimodzimodzi pa Matterhorn. Katswiri wina wachifalansa anadandaula kuti Grépon yatha mtengo poti akazi awiri aikwera okha. Kudandaulako kunaonetsa poyera kuti chovuta sichinali mphamvu za akazi, koma mitima ya amene ankawaonera.

Kuchokera pamenepo zinthu zinayenda msanga. Gwen Moffat anakhala mkazi woyamba ku Britain kulandira chiphaso cha wolondolera njira mu 1953. Junko Tabei wa ku Japan anafika pansonga ya Everest pa 16 May 1975. Mu 1992 Catherine Destivelle wa ku France anakwera yekha phompho la kumpoto la phiri la Eiger, malo amene apha akatswiri ambiri, m'nyengo yozizira, m'maola 17. Ndipo mu 2019 Saray Khumalo, wobadwira ku Zambia, anakhala mkazi woyamba wakuda wa mu Africa kuima pamwamba pa Everest.