KHUTU LITSOGOLE, LILIME LITSATE
(Gawo Loyamba)

M'boma la Chitipa mwana amakula akulankhula Chilambya, Chisukwa, Chindali kapena Chinyiha. Pamsika amakumana ndi Chitumbuka, ndipo kusukulu amapezako Chicheŵa, chimene chidasankhidwa kukhala chilankhulo cha fuko lonse m'chaka cha 1968. Motero Chingerezi chimamufika chili chachitatu kapena chachinayi. Ndi mmenenso zilili kwa ana a Chisena ku Nsanje ndi a Chingonde ku Karonga.

Lamulo la maphunziro la m'chaka cha 2013 lidaika Chingerezi kukhala chilankhulo chophunzitsira, ndipo wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE. Komatu mayeso ndi olemba, choncho aphunzitsi ambiri amalimbikira galamala ndi chimangirizo, khutu n'kuliiŵala. Zotsatira zake n'zakuti mnyamata wa Fomu 1 amatha kuŵerenga ndime yonse m'buku, koma mphunzitsi wa sayansi akaifotokoza pakamwa ndime yomweyo, iye amangoti kukamwa yasa!

Vuto limeneli lili ndi gwero lake. Chicheŵa chili ndi malembo a liwu asanu okha, pamene Chingerezi chili ndi maliwu otere oposa khumi. N'chifukwa chake "ship" ndi "sheep" amamveka ngati mau amodzi. Kuwonjezera apo, Mngelezi polankhula amakweza maphatikizo ena, ena n'kuŵameza, kotero kuti mau atatu amamveka ngati amodzi. Komabe ana a Chindali ali ndi mwayi umene ambiri sauzindikira: chilankhulo chao chimasiyanitsa liwu lalitali ndi lalifupi, ndipo mphunzitsi wochenjera angathe kuyambira pomwepo.

Nanga wophunzira achite chiyani? Choyamba, asanamvere nkhani aganizire mutu wake m'chilankhulo chakwao, ndi kulosera mau amene angatulukemo. Chachiŵiri, aleke kumasulira mau amodziamodzi m'mutu, pakuti pamene iye akulimbana ndi mau amene amuphonya, wolankhula amakhala atafika kale patali. Atole mau okwezedwa aja, popeza ndiwo amasenza mfundo: ndani, kuti, liti, chifukwa chiyani. Chachitatu, amvere nkhani imodzi katatu: koyamba kuti agwire mutu, kachiŵiri kuti atole maina ndi manambala, kachitatu akuyang'ana zolembedwa ngati zilipo.

Wailesi ndi mphunzitsi wosatopa. Malawi Correspondence College, imene idatsegulidwa m'chaka cha 1965, inkathandiza ophunzira akumidzi kudzera pa wailesi. Lero wophunzira angathe kumvera nkhani za MBC m'Chicheŵa kapena m'Chitumbuka, kenaka n'kumveranso za m'Chingerezi tsiku lomwelo. Pokhala kuti mfundo akuzidziŵa kale, khutu limatsala ndi ntchito imodzi yokha, yozoloŵera kamvekedwe. Amene ali ndi foni angathe kujambula nkhanizo ndi kumazibwereza pamodzi ndi anzake, aliyense n'kunena zimene watolapo, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Kwa aphunzitsi, mphindi khumi za lembetso kapena nthano yoŵerengedwa mokweza tsiku ndi tsiku sizilira ndalama. Chofunika ndi kuleza mtima, osaseka kapena kulanga mwana amene wapempha kuti mau abwerezedwe, chifukwa mwana wamantha samva kanthu.

Gawo lachiŵiri lidzafotokoza za kulankhula.