Mwala Umene Unatsala Pang'ono Kugwetsa Joni

Munthu akatola kamwala kachikasu konyezimira m'mbali mwa mtsinje, mtima umathamanga. Koma nyundo ndiyo imaweruza. Golide ndi wofewa, amangophwatalala osasweka, ndipo ngakhale mpeni umamukanda. Kamwala kakaphwanyika n'kusiya fumbi lakuda, dziwani kuti ndi pyrite, msakanizo wa chitsulo ndi sulufule. Nthawi zambiri kamaumbika ngati kabokosi ka mbali zosalala, ndipo kakagundana ndi chitsulo kamathetheka moto. Dzina lake lomwe linachokera ku mawu a Chigiriki otanthauza moto.

Ambiri amangouona ngati mwala wonamiza. Kumeneko n'kuuchepetsa, chifukwa m'malo ena pyrite amakhala limodzi ndi golide weniweni, wa timibulu tosaoneka ndi maso.

Johannesburg, kapena kuti Joni, ndi mboni. Golide atapezeka pa famu ya Langlaagte mu 1886, ntchito inali yophweka. Mvula ndi mpweya zinali zitawoletsa kale pyrite wa pamwamba, choncho okumba ankangopera miyala n'kukola golide ndi mercury. Pofika cha m'ma 1889 migodi inazama n'kufika pa thanthwe louma gwa, la pyrite wosawola. Mercury anayamba kuphonya golide wambiri, mitengo ya masheya inagwa, ndipo anthu ena anamanga katundu n'kuchoka.

Chipulumutso chinachokera ku Glasgow. John MacArthur pamodzi ndi Robert ndi William Forrest, awiri apachibale, anali atapeza mu 1887 njira yosungunulira golide ndi madzi a cyanide. Njirayi itafika ku Witwatersrand, dera la migodiyi, mu 1890, migodi inadzukanso ndipo inafuna manja ochuluka zedi. Njala ya antchito imeneyi ndi imene pambuyo pake inatumiza bungwe la Wenela kudzalemba amuna a ku Nyasaland. Agogo ambiri amene anabwera ku Joni ndi masutikesi, njinga ndi chifuwa chosatha, ankaboola thanthwe lomweli.

Chodetsa nkhawa n'chakuti pyrite sapuma ngakhale mgodi utatsekedwa. Akakumana ndi madzi ndi mpweya amatulutsa asidi, yemwe amasungunula zitsulo zina zapoizoni m'miyala. Mapampu a migodi yakale atazimitsidwa, madzi anadzaza maenje pang'onopang'ono, ndipo mu 2002 anatumphukira kunja pafupi ndi Krugersdorp, ofiirira ngati dzimbiri, n'kulowa m'timitsinje momwe mumamwa nyama.