Zinthu 9 Zodabwitsa pa Zakudya Zomwe Timakwinyira Nkhope

Nkhani ya chakudya sichedwa kuutsa mkangano. Wina akangothira shuga m'nyemba kapena kudyera nsima chambiko, pamapezeka wina wokwinya nkhope n'kufunsa kuti, "Achimwene, zimenezo zikalowa m'mimba momwemo?" Ine ndimaona kuti nyansi zambiri za pachakudya timachita kuphunzira tili ana, ndipo mphuno ndi maso zimatinamiza kawirikawiri. Pali zonunkha zimene zimateteza moyo, palinso zooneka zaukhondo zimene zimadwalitsa.

1. Fungo la kondowole ndi umboni woti poizoni wachoka

Munthu wa kumtunda akafika ku Nkhata Bay kapena ku Nkhotakota, amayamba kudandaula ndi fungo la ufa wa kondowole. Ena amakana kulawa n'komwe. Fungolo limachokera pa kuviika. Amayi amasenda chinangwa n'kuchiviika m'madzi masiku angapo, mpaka chifewe moti ukachifinya m'manja chimangophwanyika. Akachivuula amachisinja, amachiyanika padzuwa, chikauma n'kuchisinjanso kuti chikhale ufa.

Ntchito yonseyi ili ndi chifukwa. Chinangwa chowawa chili ndi zinthu zimene zimatulutsa poizoni wotchedwa cyanide, ndipo kuviika ndi kuyanika n'kumene kumamuchotsa. Mu 1981 kunagwa chilala m'chigawo cha Nampula ku Mozambique. Anthu anali ndi njala moti sakanadikira kuti chinangwa chikonzedwe mokwanira, ndipo oposa 1,000, makamaka amayi ndi ana, anapuwala miyendo. Matendawa amatchedwa konzo, ndipo amene wapuwala nawo sachira. N'chifukwa chake zimandipweteka ndikamva munthu akunyoza kondowole kuti ndi nsima yowola. Luso limenelo ladyetsa anthu a kunyanja mibadwomibadwo popanda kuwalemaza.

2. Ku Mexico phulusa amathira m'chimanga, ife timathira m'ndiwo

Mutaona mayi wa ku Mexico akuwiritsa chimanga chouma m'madzi a laimu kapena a phulusa, n'kuchisiya m'madzimo usiku wonse, mukhoza kuganiza kuti akuwononga chakudya. M'mawa amachitsuka n'kuchipera, ndipo phala louma limenelo ndi limene amapangira timikate tawo ta tortilla. Akhala akuchita zimenezi kuyambira kale kwambiri Azungu asanafike kumeneko.

Chimanga chili ndi vitamini B3, koma ndi womangika moti thupi limalephera kumutenga. Laimu kapena phulusa ndi limene limamumasula. Chimanga chitawoloka nyanja kupita ku Ulaya ndi kuno ku Africa, mbewu inabwera koma kaphikidwe kaja kanatsala. Zotsatira zake zinali matenda a pellagra: khungu limada n'kusweka m'malo omwe amawombedwa ndi dzuwa, munthu amatsegula m'mimba, kenako mutu umasokonezeka. Matendawa anapha anthu ambiri osauka ku Italy, ku Spain ndi kummwera kwa United States, pamene ku Mexico anali osowa. Kwathu kuno anatifikanso. Mu 1990, anthu oposa 18,000 mwa othawa nkhondo a ku Mozambique omwe ankakhala ku Malawi anadwala pellagra, mtedza utasowa pa chakudya chomwe ankalandira n'kutsala akudalira ufa.

Phulusa ifenso timalidziwa. Chidulo ndi madzi osefedwa paphulusa, ndipo thelere lopanda chidulo kapena soda silikoma. Koma soda akalowa m'masamba amawononga vitamini C ndi vitamini B1. Pa thelere sindingatsutsane ndi agogo. Chimene ndimakana ndi chizolowezi chothira soda mu nkhwani wanthete, mu mpiru ngakhale mu repu, pongofuna kuti ndiwo zipse msanga ndi kuoneka zobiriwira.

3. Kutsuka nkhuku yaiwisi kukhoza kufalitsa matenda

Mu 2014, bungwe loona za chakudya ku Britain la Food Standards Agency linapempha anthu kuti asiye kutsuka nkhuku yaiwisi. Kwa munthu woleredwa kwathu kuno, amenewo ndi mawu ovuta kumeza. "Mukufuna ndiphike nyama yosatsuka?" Koma chifukwa chawo n'chomveka. Pakhungu la nkhuku pamakhala tizilombo totchedwa Campylobacter, toyambitsa kutsegula m'mimba. Madzi a pampope satipha, amangotiwazira pa makapu, pa zovala ndi pa kabichi wa saladi yemwe ali pambali. Chimene chimatipha ndi moto, nyama ikapsa mpaka m'kati kufika madigiri 75.

Langizolo linaperekedwa kwa anthu ogula nkhuku yokonzakonza m'sitolo. Amene wazinga yekha nkhuku yachikuda, kuisosola ndi kuitumbula, sangalephere kuitsukuluza. Atsukire m'beseni mosakhavula madzi, kutali ndi zakudya zodyedwa zaziwisi, madziwo akataye patali, kenako asambe m'manja ndi sopo ndi kutsukanso mpeni ndi beseni lomwe.

Mpunga wotsala nawo umaoneka wosalakwa. Uli ndi tizilombo ta Bacillus cereus timene sitifa pophika. Mpunga ukagona m'poto pamalo ofunda, monga umachitira wa paukwati, tizilomboti timachulukana n'kutulutsa poizoni amene sachoka ngakhale mutautenthetsanso.

4. Mbale yomwe timati ndi yamakolo yadzaza ndi alendo

Taonani nsima ya nkhwani wotendera. Chimanga chinayamba kulimidwa ku Mexico zaka pafupifupi 9,000 zapitazo. Maungu ndi a ku America, mtedza wa nsinjiro ndi wa ku South America, tomato ndi tsabola wa kambuzi chimodzimodzi. Chinangwa, mbatata ndi nyemba nazonso n'zochokera komweko. Zinayamba kufika mu Africa ndi zombo za Apwitikizi kuyambira m'zaka za m'ma 1500. Izi zisanafike, nsima ya makolo athu inali ya mapira ndi mawere, imene ana ambiri a m'tauni lero angaikane chifukwa cha mtundu wake.

Anthu a ku Italy, omwe amakwiya kwambiri wina akasokoneza zophika zawo, nawonso tomato anachita kumulandira. Kwa nthawi yaitali ambiri ku Ulaya ankamukayikira kuti ndi wapoizoni, ndipo buku loyamba lodziwika lofotokoza kaphikidwe ka msuzi wa tomato linatuluka ku Naples mu 1692, lolembedwa ndi Antonio Latini. Nanga pizza ya chinanazi ndi nyama ya nkhumba, imene anthu amakanganirana mpaka lero? Dzina lake ndi Hawaiian, koma anaiyambitsa ndi Sam Panopoulos, Mgiriki yemwe anali ndi lesitilanti ku Chatham m'dziko la Canada, mu 1962. Mu 2017 pulezidenti wa dziko la Iceland, Guðni Jóhannesson, anauza ana asukulu kuti akanatha akanailetsa, ndipo nkhaniyo inamveka dziko lonse moti anachita kufotokoza kuti alibe mphamvu zotero.

5. Olemera a ku Roma ankaweta mbewa zawo m'mitsuko

Alendo oyenda pamsewu wa M1 pakati pa Lilongwe ndi Blantyre amakonda kujambula anyamata ogulitsa mbewa zapampani, ngati aona malodza. Komatu ku Roma wakale, kanyama ka m'mitengo kofanana ndi mbewa kanali ndiwo ya anthu olemera. Ankakasunga mumtsuko wadothi wokhala ndi timabowo topumira, n'kumakadyetsa mtedza wa m'mitengo mpaka kanenepe. Ku Slovenia amakatcherabe misampha ndi kukadya mpaka pano.

Ku Peru, mbira ndi ndiwo ya pachikondwerero, pamene ku Ulaya ndi kachiweto kongosewera nako ana. M'tchalitchi chachikulu cha mumzinda wa Cusco muli chithunzi cha Mgonero wa Ambuye chimene Marcos Zapata anajambula mu 1753, ndipo kanyama kali m'mbale patsogolo pa Yesu ambiri amati ndi mbira.

Mbewa ya kumunda imadya mbewu ndi udzu, si khoswe wa m'nyumba, ndipo amene amadya amadziwa kusiyanitsa. Ngati pali choyenera kudzudzula pa nkhani ya mbewa, ndi moto wolusa umene osaka amayatsa m'chilimwe, wotentha mapesi, timitengo ndi msipu wa ziweto.

6. Amene amanyansidwa ndi ngumbi mwina anadyapo tizilombo m'maswiti

Pa Nyanja ya Malawi nthawi zina pamadzuka chinthu chonga utsi, chotalika mpaka kumwamba. Ndi nkhungu, timantchentche tating'onoting'ono tochokera m'madzi. Mphepo ikatikankhira kumtunda, anthu amatikola pogwedeza madengu m'mwamba, n'kutikanya kukhala zibumbwa zakuda zimene amaumitsa kuti zikhale ndiwo. David Livingstone atafika kunyanjako mu 1861 analawa, ndipo anayerekeza kukoma kwake ndi caviar, mazira a nsomba amene ku Ulaya amagulidwa ndalama zambiri.

Mu 2013 bungwe la FAO linatulutsa lipoti lonena kuti anthu pafupifupi 2 biliyoni amadya tizilombo, ndipo mitundu yodyedwa ndi yoposa 1,900. Ngumbi, mphalabungu, mafulufute ndi ziwala zathu zili m'gulu limeneli. Mu 2021 European Union inavomereza kuti mphutsi zina zouma ndi dzombe zizigulitsidwa ngati chakudya. Koma ngakhale izi zisanachitike, Azungu ankadya kale tizilombo osadziwa. Utoto wofiira wolembedwa kuti E120 kapena carmine pa maswiti ena, yogati ndi zakumwa umapangidwa posinja kachilombo kotchedwa cochineal. Mu 2012 makasitomala a Starbucks ku United States atadziwa kuti utotowu uli m'zakumwa zina za sitiroberi, anadandaula mpaka kampaniyo inasiya kuugwiritsa ntchito. Pachilumba cha Sardinia ku Italy savutika n'kubisa: tchizi chawo cha casu marzu amachidya mphutsi zamoyo zili m'kati.

7. Chakudya chonyaditsa cha ku Scotland n'choletsedwa kulowa ku United States

Haggis ndi mtima, chiwindi ndi mapapo a nkhosa zoduladula, zosakaniza ndi oats ndi anyezi, ndipo mwamwambo amaphikira m'chifu cha nkhosayo. Kuyambira mu 1971 lamulo la ku United States silola mapapo a ziweto kugulitsidwa ngati chakudya, choncho haggis yeniyeni siloledwa. Wokonda nthumbwana ndi zam'kati sangaone chachilendo pamenepa, ndipo amene anadyapo uwende sangadabwe ndi black pudding, soseji ya magazi imene a ku Britain amadya m'mawa.

8. Mkangano wa tiyi unathandiza sayansi, koma funso lofunika ndi lina

A ku Britain akhala akukangana ngati m'kapu muyambe mkaka kapena tiyi. M'zaka za m'ma 1920, pamalo ofufuza zaulimi a Rothamsted, katswiri wina wamkazi, Muriel Bristol, ananena kuti amatha kusiyanitsa pongolawa. Mnzake wa pantchito Ronald Fisher anakonza zomuyesa ndi makapu 8, anayi oyamba mkaka ndi anayi oyamba tiyi, osakanizidwa mosatsata dongosolo. Njira imeneyi anaifotokoza m'buku lake la mu 1935, ndipo ophunzira kafukufuku amaiphunzirabe m'mayunivesite. Mu January 2024 mkangano unabukanso pamene Michelle Francl, pulofesa wa chemistry wa ku United States, analangiza kuthira kamchere pang'ono mu tiyi chifukwa mchere umachepetsa kuwawa. Nyuzipepala za ku Britain zinafuula mpaka ofesi ya kazembe wa United States ku London inatulutsa chikalata chanthabwala chokana kuti si mfundo ya boma lawo. Chonsecho ku Tibet tiyi wa mchere ndi batala amamwa tsiku lililonse.

Kwa ife amene timalima tiyi ku Mulanje ndi ku Thyolo, chofunika kudziwa ndi nthawi yomwera. Tiyi ali ndi zinthu zimene zimalepheretsa thupi kutenga ayironi wa m'nyemba ndi m'masamba. Mayi woyembekezera kapena mwana wochepa magazi asamatsitsire nsima ndi tiyi, adikire kaye ngati ola limodzi. Pa nthawi ya chakudya kuli bwino gwafa, lalanje kapena madzi a malambe, chifukwa vitamini C amathandiza kuti ayironiyo alowe.

9. Nthawi zina wokana chakudya sakunyada, thupi lake ndi limene likukana

Pali anthu amene masamba a coriander, aja amanunkhiritsa zakudya za Amwenye, amawamva ngati sopo m'kamwa. Ofufuza anapeza mu 2012 kuti izi zikugwirizana ndi chibadwa cha kanunkhizidwe ka munthu. Mkaka ndiye nkhani yaikulu. Pafupifupi anthu akuluakulu awiri mwa atatu alionse padziko lapansi matupi awo sagaya bwino lactose, shuga wa mumkaka, chifukwa mphamvu yogayira imachepa mwana akasiya kuyamwa. Amene amagaya bwino mpaka kukula ndi ochokera makamaka ku mitundu yomwe yaweta ng'ombe kwa zaka zikwi zambiri, monga a kumpoto kwa Ulaya ndi abusa ena a kum'mawa kwa Africa. Choncho mlendo akati, "Pepani amayi, tiyi wamkaka amanditupitsa m'mimba," musamuumirize.

Mkaka wowawasa, umene ena amautcha wowonongeka, ndi umene matupi ambiri amaulandira. Tizilombo towawasitsa mkaka timadya gawo la lactose uja, ndipo n'chifukwa chake munthu amene mkaka wamadzi umamupweteka amatha kumwa chambiko kwathu kuno, mabisi ku Zambia kapena amasi ku South Africa, mimba yake osadandaula kwenikweni.