Fungo la pichesi mu yogati yanu mwina lachokera ku nsatsi

Mukatsegula yogati kapena juwisi wa pichesi, fungo limakufikani musanalawe n'komwe. Mbali yaikulu ya fungolo imachokera ku mankhwala otchedwa gamma-decalactone. M'pichesi weniweni mankhwalawa amakhalamo ochepa zedi, moti kuwafinya m'zipatso kungawononge ndalama zambiri. Choncho makampani amachita kuwapanga, ndipo apa m'pamene pali vuto.

Yang'anani manja anu. Zala n'zofanana, koma lamanzere ndi lamanja si dzanja limodzi, monganso nsapato yakumanzere silowa phazi lamanja. Mamolekyu ena alinso chimodzimodzi: maatomu omwewo, koma oyalidwa mosemphana ngati chithunzi cha pagalasi. Louis Pasteur ndiye anatulukira zimenezi mu 1848. Akatswiri amatcha mbali ziwirizi R ndi S.

Mphuno imasiyanitsa ndithu. Carvone wa R ndi fungo la spearmint lija la mu chingamu, pamene carvone wa S amanunkhira ngati njere za caraway. Pichesi amapanga makamaka gamma-decalactone wa R. Koma mukamupanga m'labu posakaniza mankhwala mwa njira wamba, mumapeza theka R, theka S, ndipo kuwalekanitsa ndi chintchito, chifukwa amawira pa kutentha kofanana.

Ma enzyme alibe vuto limeneli. Awa ndi mapuloteni amene zamoyo zimagwiritsa ntchito podula ndi kulumikiza mamolekyu, ndipo nawonso ali ndi dzanja lawo, kotero amasankha mbali imodzi basi.

Nanga nsatsi zikulowapo bwanji, zomera zongodzimerera kudzala zija? Pafupifupi 90 peresenti ya mafuta ake ndi ricinoleic acid, unyolo wa maatomu a kaboni 18 umene enzyme ya nsatsiyo inauyala kale m'mbali ya R. Mafutawo amawapereka kwa yisiti wotchedwa Yarrowia lipolytica m'matanki akuluakulu. Ma enzyme a yisitiyo amadula unyolowo awiriawiri, kanayi, mpaka kutsala kaboni 10. Chotsalacho chimapindika n'kukhala gamma-decalactone wa R, yemwe uja wa m'pichesi. Za poizoni wa ricin musade nazo nkhawa, amatsalira m'chikamba cha njere mafuta akayengedwa.

Chimene chikundisangalatsa kwambiri ndi lebulo. Lamulo la European Union nambala 1334 la 2008 limalola fungo lopangidwa ndi ma enzyme kapena tizilombo kuchokera ku zomera kutchedwa "natural". Ndiye botolo likhoza kulembedwa "natural flavouring" pichesi asanayandikeko n'komwe. Kuti alembe "natural peach flavouring" basi, 95 peresenti ya fungolo iyenera kuchokera m'chipatso chenichenicho.

Sindikuona chinyengo pa molekyuyo, ndi yomweyo. Koma chithunzi cha mapichesi akupsa pa paketi chimauza wogula nkhani ina, pamene mlimi amene wapindula mwina ndi wa nsatsi ku Gujarat, m'dziko la India, lomwe limalima nsatsi zambiri kuposa dziko lina lililonse.