Chigwiriro Chimene Chikupweteka Manja a Madokotala

Aliyense amene analimapo amadziwa kuti khasu likhoza kukhala lakuthwa bwino, koma ngati mpini wake ndi wonenepa kuposa dzanja la wolima, pofika masana matuza atuluka ndipo ndime yatsala. N'chifukwa chake makolo athu posema mpini wa mwana sasema wofanana ndi wa bambo. Nzeru yomweyi ndi imene madokotala oyeza matenda a m'mimba akhala akuipempha kwa opanga chipangizo chotchedwa endoscope.

Endoscope ndi kapaipi kofewa, konenepa ngati chala, kamene kali ndi nyali ndi kamera kunsonga kwake. Dokotala amakalowetsa m'kamwa kuti aone kum'mero ndi m'mimba, ndipo kameneka kamatalika pafupifupi mita imodzi. Koyezera matumbo aakulu ndi kotalikirapo, kamalowera kumunsi. Kuno ku Malawi ntchito yake ndi yaikulu, pakuti dziko lathu lili m'gulu la maiko amene khansa ya kum'mero ndi yochuluka kwambiri. Ndiponso abale athu ena a m'mbali mwa nyanja amene chiwindi chawo chinaonongeka ndi likodzo amasanza magazi, ndipo dokotala amamanga mitsempha yotupayo pogwiritsa ntchito chipangizo chomwechi.

Mmene dzanja limagwirira ntchito

Wodwala amaona kapaipi kokha, koma ntchito yonse ili pa chigwiriro chimene dokotala amachigwira kudzanja lamanzere. Pambali pake pali timagudumu tiwiri tosanjikizana. Kakakulu kamapindira nsonga m'mwamba ndi pansi, kakang'ono kamaipindira kumanja ndi kumanzere. Timagudumuti timakoka mawaya anayi amene amadutsa m'kati mwa paipi mpaka kunsonga. Kutsogolo kuli mabatani awiri: lina loyamwira madzi ndi zoipa, lina lopopera mpweya ndi kutsukira diso la kamera.

Tsono taganizani. Chala chamanthu chikuzunguza gudumu, chamkombaphala ndi chapakati zili pa mabatani, ndipo zala ziwiri zotsalazo ndizo zanyamula chigwiriro chonse. Nthawi yomweyo dzanja lamanja likukankha ndi kupotokola paipi, maso ali pa kanema, munthu ali chiimire. Paipi ikapindika m'matumbo, mawaya amalimba ndipo gudumu limafuna mphamvu zambiri. Dokotala amachita zimenezi kwa odwala angapo patsiku, chaka ndi chaka.

Mapeto ake minyewa ya chala chamanthu imatupa, matenda amene madokotala amawatcha De Quervain. Ena zala zimachita dzanzi chifukwa mtsempha wapanikizika pamfundo ya dzanja, ena amamva khosi, mapewa ndi msana. Kafukufuku amene anasindikizidwa ku America mu 2021, atafunsa mamembala oposa 1,600 a bungwe la American College of Gastroenterology, anapeza kuti 75 mwa 100 alionse anavulalapo chifukwa cha ntchito imeneyi.

Kunsonga kwasintha, kumpini ayi

Mbiri ya chipangizochi ndi yaitali. Mu 1868 dokotala wa ku Germany, Adolf Kussmaul, anayesa kuona m'mimba ndi paipi yachitsulo yosapindika, ndipo amene anaimeza anali munthu wa masewera omeza lupanga. Mu 1957 Basil Hirschowitz, wobadwira ku South Africa koma akugwira ntchito pa University of Michigan, anapanga ndi anzake paipi yofewa ya timaulusi tagalasi, ndipo anayamba waimeza yekha asanaiyese pa wodwala. Mu 1983 kampani ya Welch Allyn inaika kamera kunsonga, kotero kuti madokotala anasiya kusuzumira ndi diso limodzi nayamba kuyang'ana pa kanema.

Kuchokera nthawi imeneyo zithunzi zakhala zikuoneka bwino chaka ndi chaka, koma chigwiriro chasintha pang'ono chabe. Chinapangidwa pamene pafupifupi madokotala onse a ntchitoyi anali amuna, ndipo kwa zaka zambiri chimabwera mu msinkhu umodzi. Munthu wa dzanja laling'ono chala chake sichifika pa kagudumu kakunja. Amayenera kutambasula chalacho mopyola muyeso, kapena kusiya paipi kuti dzanja lamanja lidzathandize, ndipo akatero paipi ija imabwerera m'mbuyo, ntchito n'kutalika, wodwala n'kuvutika.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza m'mabanja mwathu. Amayi athu ambiri amamasuka kuyezedwa ndi dokotala wamkazi, makamaka poyeza matumbo, ndipo ena amazengereza kupita kuchipatala chifukwa cha manyazi. Komatu madokotala aakazi ndiwo kawirikawiri ali ndi manja aang'ono, ndipo kafukufuku akuonetsa kuti ndiwo ali pachiopsezo chachikulu chovulala. Kumene madokotala odziwa ntchitoyi ndi owerengeka, monga kwathu kuno, chala cha mmodzi chikatupa ndiye kuti mzere wa odwala waima.

Zimene akatswiri akuchita

Maphunziro opanga chipangizo molingana ndi thupi la wochigwiritsa ntchito amatchedwa ergonomics. Opanga ayamba kupepuza chigwiriro ndi kufewetsa timagudumu. Palinso kachipewa kamene amakavundikira pa kagudumu kakang'ono kuti chala chachifupi chizifika. Ena akuyesa zigwiriro zoyendera timainjini tamagetsi, kuti mphamvu yokoka mawaya isamachokere m'chala cha munthu.

Zina sizilira ndalama zambiri. Mu 2023 bungwe la American Society for Gastrointestinal Endoscopy linatulutsa malangizo akuti kanema aziikidwa kutsogolo kwenikweni kwa dokotala kuti khosi lisapindike, bedi la wodwala lizikwezedwa kapena kutsitsidwa molingana ndi msinkhu wa dokotala, pansi pazikhala mphasa yofewa yopondapo, dokotala azipumira pang'ono pakati pa ntchito, ndipo ophunzira aziphunzitsidwa zonsezi kuyambira pachiyambi.

Phunziro kwa ife

Kusamala za kapangidwe ka zida zachipatala si chinthu chachilendo kwa Asilamu. Abu al-Qasim al-Zahrawi, dokotala wa ku Cordoba amene anamwalira mu 1013, analemba buku la Kitab al-Tasrif la magawo 30, ndipo m'gawo lotsiriza anajambula zida za opaleshoni pafupifupi 200, kuti ophunzira ake aone maonekedwe ake enieni. Anadziwa kuti luso la dokotala limayenda limodzi ndi chida chili m'dzanja lake.

Chipembedzo chathu chimatiphunzitsa kuti thupi ndi amaana imene Allah Subhaanahu wa Ta'aala anatisungitsa, ndipo thupi la dokotala nalonso ndi amaana. Choncho abale ndi alongo, tikaona dokotala wapumira pang'ono ife tili pamzere, tisang'ung'udze. Amene akumva chakudya chikukakamira pakhosi apite kuchipatala msanga osaopa kapaipi kaja. Ndipo makolo, limbikitsani ana anu, aakazi ndi aamuna omwe, pa maphunziro a udokotala ndi a uinjiniya. Insha Allah, mwa iwo mudzatuluka wina wosema mpini wokwana dzanja lililonse.